Chaka Chimene Abwana a Polisi Ankawerenga Mitu Padoko

Ine madzi ndimawaopa. Ndinabadwira m'mbali mwa Shire, ndakulira momwemo, ndimachapa, ndimatunga, ndimawoloka kupita kudimba ngati wina aliyense, koma mtima wanga sunazolowere. Ndikakhala mu mwadiya, umene anthu akumtunda amati bwato, anzanga amacheza, amaseka, ine maso ali pamadzi, dzanja lili pa mwana. Amanditcha wamantha. Sindikana.

Dimba lathu lili pachilumba, tsidya la mtsinje. Madzi akaphwa timadzalako chimanga, mbatata ndi maungu, ndipo n'zimene timadya chaka chonse, chifukwa munda wa kumtunda kuno dzuwa limaupsereza. Bambo a ana anga amadula nzimbe kuesiteti, amabwera mwezi ukatha, ndiye kudimbako ndimapita ndekha ndi ana. Chaka chimene ndikunenachi wamkulu, mtsikana, anali ndi zaka zinayi. Wamng'ono anali wakumsana, dzino lisanatuluke ndi limodzi lomwe.

Abwana amene ankayang'anira polisi yathu ya pamsika sindingawanenere zoipa zokhazokha, Mulungu angandilange. Anali munthu wa kumapiri, wamkulu thupi, ndipo kutentha kwa kuno kunkawazunza moti ankayenda ndi thaulo pakhosi ngati munthu wochokera kosamba. Ankapereka moni kwa aliyense, ngakhale kwa ife ogulitsa tomato pansi. Tsiku limene mimba ya wamng'onoyu inandiyamba ndili pamsika, dzuwa lili pamutu, wakabaza palibe, ndi iwo amene anaimitsa galimoto ya polisi, kumuuza wapolisi wawo kuti akakhale kumbuyo, ine kundiika kutsogolo. Njira yonse ya kuchipatala ankayendetsa thukuta lili kamukamu, akungoti, "Mayi, gwirani mtima, chonde musachitire muno, ine sitifiketi ya zimenezi ndilibe." Ndinaseka ululu uli pakati. Mpaka lero ndikadutsa naye mwanayu pamsika amayi amati, uyo wa m'galimoto ya boma.

Ndiye zimene ndikunenazi ndikunena za munthu amene ndimawakonda. Koma ntchito ya padoko anaiyendetsa molakwa, ndipo kulakwako kunatsala pang'ono kundidyera ana.

Zinayamba ndi maliro. Mwadiya wina unatembenuzika pakati pa mtsinje utadzaza anthu ndi matumba a chimanga, ndipo ena sanatuluke. Abwana anabwera pamaliro, anakana mpando, anakhala pansi limodzi ndi abambo, ndipo ndinawaona ndi maso anga akupukuta misozi ndi thaulo lija. Sabata yomweyo anaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa nimu wa padoko. Anati, "Ine ndikadali kuno, palibenso munthu amene amire padoko lino." Tinaomba m'manja. Anati asankha amuna asanu ndi mmodzi, achitetezo a padoko, oti aziona za kawolokedwe ka anthu. Tinaombanso. Kenako anatchula zoyenereza: munthu akhale ndi sitifiketi ya sekondale, akhale wamtali, wa msana wowongoka, wodziwa kulemba lipoti. Apa manja anayamba kuchepa.

Padoko pathu pali mkulu wina amene tonse timangowaitana kuti mbuya. Amayankhula Chisena kwambiri, Chimang'anja amachita kusakaniza. Anawolotsa amayi anga ali mtsikana, anawolotsa ine ndili kumsana. Mwadiya wawo unali waukulu kuposa ina yonse, ndipo iwo sankawerenga anthu ayi. Anthu akakwera, katundu akakwera, mbuya ankagwada n'kuika dzanja kunja kwa mwadiya, kuyambira pamlomo pake kutsikira kumadzi. Zala zinayi zikakhala zouma, ulendo ulipo. Zikatsala zitatu, ankayang'ana kaye mphepo. Zikatsala ziwiri, wina atsike, kaya ndi abusa, kaya ndi mkwatibwi, kaya ndi thumba la akazi awo omwe. Opalasa onse a padoko anaphunzira zimenezi kwa iwo. Wopalasa wa mwadiya wa ngozi uja naye ankazidziwa, kungoti tsikulo anathamanga, sanaike dzanja.

Mbuya anaimirira pamsonkhanopo, chipewa chili m'manja, kuti nawonso alembedwe.

Abwana anawafunsa mwaulemu ndithu. "Mbuya, sukulu munalekeza pati?"

"Pakhomo, bwana. Ndinasuzumira, ndinaona akukwapulana, ndinabwerera."

Anthu anaseka, abwana anaseka kuposa tonse. Atapukuta nkhope anati, "Nanga lipoti mudzalemba bwanji?"

"Lipoti la chiyani, bwana?"

"La anthu amene awoloka."

"Amene awoloka amaoneka, bwana. Amakhala ali tsidya."

Tinasekanso, koma abwana anapukusa mutu. Anati mbuya agwira ntchito yokwana, maso akalamba, manja akalamba, apume, mtsinje ausiyire anyamata. Ananena mokoma mtima, anawagwira paphewa. Tsiku lomwelo mwadiya waukulu uja anaukokera kumtunda n'kuuvundikira pansi pa nimu, ndipo unakhala pamenepo miyezi, nkhuku zikuikira mazira kunsi kwake.

Mwa amuna amene anasankhidwa, mmodzi anali alamu anga, akulu awo a bambo a ana anga. Anakulira m'tauni kwa amalume awo, anabwerera kumudzi ndi sitifiketi ndi magalasi a maso, wamtali ngati mgwalangwa. Munthu wabwino, mwana wanga wamkulu ankangokhala pamiyendo pawo, ndi iwo anamuphunzitsa kuwerenga mpaka teni. Koma madzi ankawadziwa a m'mawondo basi. Anzawo asanu aja chimodzimodzi: wina ankagulitsa mayunitsi, wina anali wophunzitsa kwaya. Opalasa ngakhale mmodzi sanalowemo, poti onse analekeza sukulu pamene ndinalekeza ine.

Maphunziro awo tinawaona tonse, chifukwa ankachitikira pabwalo la mpira, njira yathu ya kumjigo. Masabata atatu. Abwana ankabwera okha m'mawa uliwonse, ndi mtima wawo wonse, kuwaphunzitsa kuguba. Lefu, layiti, lefu, layiti, fumbi kobo. Kuwaphunzitsa sawatcha, kuimba wenzulo, kulemba m'kabuku. Anawapezera majekete owala ndi magambutsi akuda ofika m'mawondo. Masabata onse atatu phazi la munthu silinakhudze mtsinje.

Ine ndikadutsa ndi ndowa ndinkakuwa, "Alamu, lero mwagubira ng'ona zingati?"

Iwo osatembenuka khosi, poti anawaletsa, ankayankha ndi pakona pa kamwa, "Pitani mlamu, izi n'za boma, simungazimve."

Atamaliza, lamulo linatuluka. Mwadiya uliwonse, waukulu kaya waung'ono, unyamule mitu isanu ndi itatu, imene iwo ankangoti eyiti. Wopalasa ndi mutu. Wachitetezo amene wakweramo kuti aziwerenga, nayenso ndi mutu. Khanda la kumsana ndi mutu. Koma thumba la chimanga si mutu, njinga si mutu, mbuzi ngakhale ili nawo mutu, m'kabuku simutu. Ndiye tinkaona amuna onenepa ndi matumba awo akunyamuka madzi ali pafupi kulowa, wenzulo ukulira kuti zili bwino, pamene mayi wa mapasa watsala padoko mwadiya ukupita wopepuka ngati chikopa cha nthochi. Ine ndekha ndinali mitu itatu. Opalasa akandiona ndikubwera ankayang'ana kumbali.

Wopalasa wina, bambo wa ana ake, tsiku lina ananyamula naini, wachinayiniyo khanda la masabata awiri. Abwana anamutsekera m'selo tsiku lathunthu, mwadiya n'kuumanga pa polisi sabata yonse. Akuti madzulo ake anamugulira fanta n'kumuuza kuti, "Sindikudana nawe, ndikudana ndi maliro." Komabe anamutsekera. Kuyambira pamenepo opalasa anasiya kuika dzanja m'madzi, maso awo anali pa kabuku.

Tinkadandaula, inde, koma pamjigo. Ine ndinkalongolola kwambiri kuposa onse, ndikati munthu angasankhe bwanji alonda a madzi poyeza msinkhu, angawaphunzitse bwanji mtsinje pabwalo la mpira. Koma abwana akadutsa n'kundifunsa, "Nanga mwana wathu wa m'galimoto akukula?" ndinkangogwada n'kuti akukula, bwana.

Tsiku limene ndikufuna kunena linali Khirisimasi itayandikira. Kuno mvula inali isanagwe yeniyeni, koma kumapiri kunali kwakuda masiku atatu. Ife a kuchigwa timadziwa kuti madzi amene amatipha si a mvula yathu, amabwera dzuwa likuwala. M'mawa umenewo ndinafika padoko n'kupeza mbuya atakhala pa mwadiya wawo wovundikira, akusoka ukonde wa munthu wina. Sanadzutse mutu, anangoti, "Mwanawe, madzi afiira. Lero nkhabe kuchedwa," kutanthauza kuti ndisachedwe. Ndinayang'ana, analidi ofiirira, ndipo namasupuni, udzu woyandama uja, ankatsika m'magulumagulu. Mtima unati bwerera. Koma mbatata zanga zomaliza zinali zikadali m'nthaka, ndipo madzi akalowa zikanaola zonse. Ndinati ndikumba mizere itatu yokha, dzuwa lisanafike pamutu ndabwerako.

Ndinakumba mzere woyamba maso ali kubango. Wachiwiri, ndinaona nyerere zikukwera mapesi a chimanga, zonse ulendo umodzi, zitanyamula mazira. Ndisanayambe wachitatu, mwana wanga wamkulu anati, "Amayi, taonani kamtsinje," ndipo m'ngalande ya pakati pa mizere munkayenda madzi, mwakachetechete, ngati njoka. Khasu ndinalisiya pomwepo. Mbatata ndinazisiya pomwepo. Wamng'ono kumsana, wamkulu padzanja, ndinathamanga, koma mwana wa zaka zinayi sathamanga m'matope, ndinamunyamula, ndinamutsitsa, ndinamunyamulanso, ndipo anthu onse a m'madimba ankandipitirira.

Pamene ndinkafika pokwerera, mwadiya umodzi unali utapita kale. Unatsala umodzi, wa wopalasa uja anagona m'selo. Munali iye, munali alamu anga ndi kabuku kawo, munali anthu asanu, ndi matumba atatu a bambo wina wogula chimanga. Ndinaika phazi pamlomo pa mwadiya.

Alamu anawerenga ndi cholembera. "Seveni. Ndi inu atatu, teni."

"Alamu, madzi!"

"Ndikuwaona, mlamu." Anayang'ana tsidya. Nanenso ndinayang'ana. Galimoto ya polisi inali itaima padoko, ndipo pambali pake pankaoneka kanthu koyera, thaulo la abwana.

Alamu anatsika okha, kulowa m'madzi ndi magambutsi awo. "Ndatsika ine. Sikisi. Ndi atatu, naini." Anawerenganso, ngati kuti ziwerengero zisintha. "Naini."

"Mutu umodzi, alamu! Kamutu ngati papaya wosapsa! Ndimuphimba ndi chitenje, palibe aone."

"Tsidya akawerenganso. Ndipo mwana ameneyo abwana amamudziwa kuposa ana onse a m'boma lino." Anaika kabuku m'thumba. "Kwerani ndi wakumsanayo. Wamkuluyu mundisiyire, ndikhala naye, abweranso kudzatitenga."

Ndinamuyang'ana mwana wanga, atagwira chitenje changa ndi manja onse awiri. Ndinawayang'ana alamu, munthu woti madzi akafika m'chiuno amaitana Yesu. Ndinati ayi. Ndinati mundiphe kaye. Mayi wina wa mu mwadiyamo anakuwa kuti atsitse matumba, mwini matumba anati matumba si mitu, afunseni a kabukuwo. Wopalasa anagwada, anaika dzanja kunja monga anamuphunzitsira mbuya, ndipo ndinaona ndi maso anga, dzanja lonse linali louma mpaka pamkono. Anandiyang'ana, anayang'ana galimoto ija. Pomwepo mulu wa namasupuni unagunda mwadiya, unapendekeka, amayi anakuwa, wopalasa anakankha ndi nsungwi yake n'kufuula, "Ndibwera pompano!" Unapita ndi mitu sikisi. Malo a anthu awiri ndinkawaona ali mbee, akupita.

Sanabwere. Tinauona mwadiyawo madzi akuutenga cham'mbali, ukutsetsereka, mpaka unakakocheza kutali kumunsi kwa doko. Mtsinje unali utakwiya kale, miyadiya ing'onoing'ono sikanathanso kubwerera.

Pakati pa chilumba pali chulu chachikulu, pamwamba pake pali nsanja imene timaingitsirapo mbalame. Ndinati tiyeni kumeneko. Alamu anayenda mapazi atatu, gambutsi zinadzaza madzi, matope anazigwira, anaima ngati mtengo.

"Vulani!"

"N'za boma, mlamu."

"Boma lidzazifukula madzi akaphwa, vulani!"

Anavula. Anamuika mwana wanga pamapewa, tinayenda madzi ali m'ntchafu, ine ndikuponda mizere ya anthu, maungu akundigunda m'miyendo akuyandama, ndipo chilichonse chondikhudza ndinkati ng'ona, chifukwa madzi akasefukira ng'ona sizikhalanso kumtsinje, zimayenda m'minda ngati eni ake. Tinakwera chulu. Tinakwera nsanja. Nyerere zinali zitafika kale, zinatiluma, sitinazilabadire.

Pansi pa chulupo panali phesi la chimanga limene linatsala chiimire. Ndinaliyang'ana limenelo basi. Madzi anali pa mfundo yachiwiri. Ndinayamwitsa mwana kuti asalire, nditadzutsa maso anali pa yachitatu. Dzuwa linali likuwala bwinobwino, kumwamba kopanda ndi kamtambo komwe, mbalame zikuuluka ngati tsiku lililonse.

Ndinafunsa, "Alamu, masabata atatu aja, anakuuzani kuti madzi akabwera muzitani?"

Anavula magalasi, anawapukuta pa jekete lonyowa. "Anati tizilemba nthawi imene abwera."

"Ndiye lembanitu."

Anatulutsa kabuku m'thumba, kanali phala. Anakayang'ana, kenako anayamba kulira, bambo wamkulu, mapewa akugwedezeka. Anati, "Mng'ono wanga ndikamuuza chiyani ine?" Mwana wanga anawasisita tsaya n'kuti, "Abambo aakulu, imbani wenzulo." Ndipo pa zonse zimene anaphunzira pabwalo la mpira, chimenecho chokha ndicho chinatithandiza. Anaimba. Anaimba mpaka milomo inatupa, akapuma mwana ankawalanda n'kuimba iye, malovu okhaokha.

Mfundo yachinayi inamira. Yachisanu. Ndinamasula chitenje china, ndinamumangirira wamkulu m'chiuno mwanga, kuti kumene tipite tipite tonse. Sindinapemphere mawu ambiri, ndinkangoti Ambuye, Ambuye.

Ine maso anali kudoko, koma mwadiya unatulukira kumtunda kwa mtsinje, kuseri kwa bango, ukutsika ndi madzi osalimbana nawo. Unali waukulu uja, wa pansi pa nimu. Kumbuyo kunali mbuya ndi nkhafi, kutsogolo wopalasa uja wa m'selo ndi nsungwi. Munali banja lina la anthu asanu limene analitola mumtengo. Ndipo pakati, pansi penipeni, miyendo atatambasula ngati mwana, panakhala abwana a polisi, opanda nsapato, thalauza atapinda, nkhope itatuwa, akukapa madzi ndi chipewa chawo cha boma. Mwadiyawo unali utang'ambika ndi dzuwa miyezi yonse ija, madzi ankalowa m'ming'alu.

Wopalasa anakola nsanja ndi nsungwi. Ndinamasula mwana kuti ndimupereke, koma iye analimba miyendo. Analoza ndi kachala, mmene abambo ake aakulu anamuphunzitsira. "Wani, thuu, firii, folo, faifi, sikisi, seveni, eyiti." Anatembenukira kwa ine. "Amayi, adzaza. Sitikwera."

Sindidzaiwala nkhope ya abwana. Anasiya kukapa. Kenako anatambasula manja onse awiri n'kuti, "Bwera, mwanangu. Bwera kwa ine. Usawerengenso."

Tinakwera tonse anayi. Mbuya sananyamuke. Anati, "Bwana, dzanja." Abwana sanamve. Mbuya anawagwira dzanja ngati mmene umagwirira la mwana, analitulutsa kunja, analikhazika pamlomo pa mwadiya zala zikuloza kumadzi. "Zouma zingati?"

"Zitatu, mbuya."

"Mphepo ilipo?"

Abwana anayang'ana bango. "Palibe."

"Pyadidi, zili bwino. Kapani madzi. Munthu asaimirire, munthu asaloze kanthu."

Kuwoloka kumeneko sindikukumbukira bwino, ndinatseka maso, ine amene sinditseka maso pamadzi. Ndimakumbukira phokoso la chipewa chikupala pansi pa mwadiya, ndi mpweya wa abwana, ndi mwana wanga ali pamiyendo pawo akuwauza kuti mbatata zathu zatsala. Tinakocheza kumunsi kwa doko, m'munda wa mapira wa munthu wina. Amayi a padoko anathamanga, anandilanda ana, ine ndinakhala pansi m'matope. Abwana anatsika, anayenda pang'ono, anasanza kuseri kwa chitsamba, anabwerako n'kufunsa ngati aliyense ali bwino.

Mmene zinayendera tsidya lino ndinamva kwa amayi amene anali padoko. Akuti wenzulo utayamba kumveka, abwana anaitana achitetezo asanu aja n'kufunsa amene angapite. Onse anaima mowongoka, manja m'mbali, monga anawaphunzitsira, ndipo panalibe anasuntha. Anafunsa amene amatha kusambira. Panalibe ndi mmodzi yemwe. Ndiye abwana anayenda okha kupita pansi pa nimu, anavula chipewa pamaso pa anthu onse, n'kuti, "Mbuya, ndithandizeni."

Mbuya akuti anapitiriza kusoka ukonde. "Sitifiketi nkhabe, ndilibe, bwana."

"Ndalakwa ine. Kuli ana uko."

Mbuya anaimirira pomwepo, analamula amuna kuti atembenuze mwadiya, nkhuku zinabalalika. Ataona ming'alu anati pakufunika munthu wolemera woti akhale pakati azikapa. Abwana anayamba kumasula zingwe za nsapato. Mbuya anawafunsa, "Mumatha kusambira?" Iwo anati ayi. Mbuya anati, "Pyadidi. Wosatha kusambira ndi amene amakhala phee."

Madzi ataphwa pang'ono, abwana anaitanitsanso msonkhano pansi pa nimu pomwe paja. Anafunsa ngati alipo ali ndi mawu. Amuna ankayang'ana pansi. Ine sindinayankhulepo pagulu chibadwire, kutchalitchi ngakhale vesi sindiwerenga, koma ndinangozindikira ndaimirira, mwana ali kumsana. Ndinayankhula mothamanga, mpweya ukundithera. Ndinati bwana, inu munandinyamula pa galimoto, sindidzaiwala, koma anthu anu munawasankha ndi tepi ngati mukugula nsalu. Ndinati munawaphunzitsa kuponda fumbi pamene ntchito yawo ili pamadzi. Ndinati amene amadziwa mtsinje munawakhazika pansi chifukwa sadziwa cholembera, ndipo wopalasa munamuopseza mpaka anakhulupirira kabuku kuposa dzanja lake. Ndinati alamu angawa si oipa, munawapatsa mantha a inu oposa mantha a madzi. Ndinafuna kunenanso za magambutsi koma misozi inanditsekereza, ndinangokhala pansi. Mayi wina kumbuyo anamaliza m'malo mwanga, "Ndi nsapato zomiza anthuzo!" Anthu anaseka, ndipo kusekako kunandipulumutsa, chifukwa ndinkaganiza kuti andimanga.

Abwana anapotokola thaulo lawo. Kenako anati, "Mayi, kumene ndinaphunzira ine ntchito, mtsinje tinkaudumpha ndi phazi limodzi. Ndinkaganiza kuti chimene chimasunga anthu pamsewu chisunganso anthu pamadzi." Sanapepese ndi mawu ambiri. Anatembenukira kwa mbuya n'kufunsa kuti ayambe liti.

Sikuti zonse zinasintha ayi. Amuna asanu ndi mmodzi aja sanachotsedwe, abwana anati munthu sumutaya chifukwa cha kulakwa kwa mphunzitsi wake. Anangowonjezerapo opalasa awiri, ndipo mbuya anakhala mphunzitsi. Mwezi wathunthu tinkaona amuna a masitifiketi ali m'kamtsinje kosaya ka kuseri kwa msika, atavala makabudula, akumeza madzi, mbuya ali pamtunda ndi kabango akukuwa, "Miyendo! Miyendo, aphunzitsi a kwaya!" Abwana nawonso analowamo kawiri, kachitatu anati ali ndi msonkhano kuboma. Kuguba sanakusiye, Lachisanu lililonse fumbi linkabuka pabwalo la mpira, akuti munthu wosaguba sadziwa kumvera. Kabuku nakonso kanatsala, anagula kena, ndipo khanda limalembedwabe ngati mutu. Pa zimenezi ine ndi iwo sitinagwirizane mpaka pamene anawasamutsira kudera lina. Tsiku lotsanzikana ndinawapatsa maungu awiri. Anati, "Mayi wolongolola uja," ndipo ananyamula wamng'onoyu, amene anawakodzera pa yunifolomu.

Bambo a ana anga atabwera kuchokera kuesiteti sanawayankhule akulu awo masiku anayi. Tsiku lachisanu ndinawapeza awiriwo ali pakhonde akudya chinangwa mbale imodzi, osayang'anana. Magambutsi aja anapezeka madzi ataphwa, imodzi yokha, mutamera udzu.

Nditabwerera kudimba koyamba chaka chotsatira, ndinaima padoko nthawi yaitali, miyadiya iwiri inanyamuka ine ndikungoyang'ana. Wachitatu unali wa wopalasa yemwe uja, ndipo wa kabuku anali alamu. Munali kale anthu asanu ndi awiri ndi njinga. Ndinati ndidikira wina. Alamu anati, "Kwerani, mlamu." Tinakwera atatu. Iwo analemba m'kabuku, anakaika m'thumba la pulasitiki, kenako anagwada opanda nsapato, anatulutsa dzanja kunja.

"Zinayi," anatero.

Ine sindinakhulupirire, ndinaika langa. Zinali zinayi. Mwana wanga naye anasuzumira, ndinamugwira lamba wa diresi, anaika kadzanja kake n'kunena kuti kwa iye zauma zonse mpaka chala chachikulu. Wopalasa anakankha, tinanyamuka, ndipo ndinamugwirabe diresiyo mpaka tsidya.